LAMYA ZA M'MANJA NDI MOYO WA ANTHU: MMENE MPHAMVU YAKE IYESEDWERA

Masiku ano lamya ya m'manja, imene anthu angoitcha foni, yafika m'midzi yambiri ya m'dziko muno. Mlimi amvera nayo mitengo ya mbewu pamsika, mayi alandirira nayo ndalama zochokera kwa mwana wake amene ali ku Joni, ndipo nyakwawa aitanira nayo galimoto ya kuchipatala munthu akadwala usiku. Koma pamodzi ndi ubwino umenewu pafikanso mantha. Ena ati foni iwotcha ubongo, ena ati ibweretsa matenda a khansa, ndipo ena akana kuti nsanja ya mafoni imangidwe pafupi ndi sukulu ya ana awo. Aphunzitsi afunsidwa mafunso amenewa kawirikawiri ndi ana ndi makolo omwe. Safunsa anadya phula, ndipo mafunso otere ayenera kuyankhidwa bwino. Nkhani ino ifotokoza chimene chituluka m'foni, mmene chiyesedwera, malire amene maboma anaika, ndi zimene madokotala apeza kufikira tsopano.

KODI CHITULUKA M'FONI N'CHIYANI?

Foni ndi wayilesi yaing'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti wayilesi ya m'nyumba ingolandira mawu, pamene foni ilandira ndi kutumizanso. Munthu akamalankhula, foni isandutsa mawu ake kukhala mafunde a wayilesi, ndipo mafundewo apita kunsanja imene ili pafupi. Kuchokera pamenepo mawuwo aperekedwa kwa munthu amene waimbiridwayo.

Mafunde amenewa saoneka ndi maso ndipo samveka pakhungu. Ayenda liwiro lofanana ndi la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Si chinthu chachilendo ayi. Katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz, anawaonetsa poyera m'chaka cha 1887. M'chaka cha 1949 kunayamba kugulitsidwa wayilesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, imene inkaoneka ngati sefuliya, ndipo anthu a m'midzi ankamvera nayo mawu a Chinyanja ochokera ku Lusaka. Chiyambire nthawi imeneyo, ngakhalenso kale lake, mafunde a wayilesi akhala akudutsa m'nyumba ndi m'minda usana ndi usiku. Foni ya m'manja inadza pambuyo: woyamba kuimba nayo anali Martin Cooper wa kampani ya Motorola, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1973.

Mafunde asiyana malinga ndi kugwedezeka kwake. A wayilesi ya FM agwedezeka pakati pa ka 88 miliyoni ndi ka 108 miliyoni pa sekondi imodzi. A mafoni ambiri agwedezeka ka 900 miliyoni, ka 1,800 miliyoni, kapena kufika ka 2,600 miliyoni. A 5G m'maiko ambiri ali pafupi ndi ka 3,500 miliyoni. Manambala amenewa aoneka aakulu, koma kuwala kwa nyali ya m'nyumba kugwedezeka mofulumira koposa pamenepa kambirimbiri.

MAFUNDE A MITUNDU IWIRI

Mantha ambiri achokera ku liwu limodzi la Chingerezi lakuti radiation. Liwu limeneli litchula zinthu zambiri zosafanana: kutentha kwa moto, kuwala kwa dzuwa, mafunde a wayilesi, ndiponso cheza cha ekisire ya kuchipatala. Akatswiri agawa zonsezi m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la cheza champhamvu chimene chitha kuswa tizigawo ta m'kati mwa maselo a thupi, kumene kuli malangizo a kakulidwe kake. Ekisire ili m'gulu limeneli, ndipo n'chifukwa chake wojambula odwala kuchipatala abisala kuseri kwa khoma pamene akujambula. Cheza chotere chikachuluka chitha kuyambitsa khansa.

Gulu lachiwiri ndi la mafunde amene alibe mphamvu yoswa tizigawo timeneti. Mafunde a wayilesi ndi a foni ali m'gulu limeneli. Munthu angaponye thonje lodzaza dengu pagalasi la zenera, galasilo silisweka. Koma mwala umodzi waung'ono uliswa. Mafunde a foni ali ngati thonjelo.

Chimene akatswiri atsimikiza kuti mafunde a wayilesi achita m'thupi ndi kutenthetsa. Akakhala amphamvu kwambiri atenthetsadi: m'matauni muli mbaula zamagetsi zotenthetsera chakudya ndi mafunde otere, koma mphamvu yake ndi mawati 700 kufikira 1,000, otsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Foni ya mtundu wakale ya GSM siipitirira mawati 2, ndipo popeza itumiza modukizadukiza, gawo limodzi mwa magawo 8 a nthawi, mphamvu yake yeniyeni ndi kota ya wati imodzi. Mafoni a 3G ndi 4G nawonso sapitirira kota ya wati imodzi. Babu lakale la magetsi la m'nyumba linkadya mawati 60.

Tsono n'chifukwa chiyani khutu litentha munthu akalankhula nthawi yaitali? Kutentha kwambiri kuchokera kubatire ndi zipangizo za m'kati mwa foni, ndiponso chifukwa chakuti khutu lapanikizidwa, mphepo siikulipeza. Kutentha kumene mafunde enieniwo awonjezera muubongo akatswiri anakuwerengera kuti n'kwa pafupi gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri imodzi. Munthu wolima padzuwa thupi lake litentha koposa pamenepa.

MUYESO WOTCHEDWA SAR

Ngakhale zili choncho, maboma sanasiye nkhaniyi m'manja mwa opanga mafoni okha. Monga sikelo ya pamsika iyesedwa ndi anthu a Boma kuti wogula asaberedwe, momwemonso foni iyesedwa isanagulitsidwe. Muyeso wake utchedwa SAR. Muyeso umenewu unena kuchuluka kwa mphamvu imene ilowa m'thupi, powerengera mawati pa kilogalamu imodzi ya mnofu.

Chifukwa chowerengera pa kilogalamu n'chosavuta. Supuni imodzi ya mchere siimveka mumphika waukulu wa ndiwo za pamaliro, koma supuni yomweyo iwawitsa ndiwo za m'kapoto ka munthu mmodzi. Chofunika kudziwa si mphamvu yokha ayi, koma kukula kwa malo amene mphamvuyo yagwerapo.

Malire sanangolotedwa. Akatswiri anayesa nyama ndi anthu, ndipo anapeza kuti thupi lonse likalandira mawati 4 pa kilogalamu kwa mphindi ngati 30, kutentha kwake kukwera ndi digiri imodzi. Pamlingo womwewo nyama zophunzitsidwa ntchito zinayamba kuileka ntchitoyo. Apa ndi pamene anati vuto liyambira. Kenaka anagawa nambala imeneyi ndi 10, napeza 0.4, ndipo amenewa ndiwo malire a anthu ogwira ntchito pa zipangizo za wayilesi. Kwa anthu ena onse, kuphatikizapo ana, okalamba ndi odwala, anaigawa ndi 50, napeza mawati 0.08 pa kilogalamu.

Koma foni siitenthetsa thupi lonse. Mphamvu yake igwera pamalo amodzi, pafupi ndi khutu kapena pamene pali thumba. Chotero palinso malire a pamalo amodzi, ndipo amenewa ndiwo alembedwa pa mafoni.

Bungwe lotchedwa ICNIRP, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndipo likulu lake lili ku Germany, linatulutsa malangizo m'chaka cha 1998, ndipo linawakonzanso m'chaka cha 2020. Malangizowo ati mutu ndi thunthu zisalandire koposa mawati 2 pa kilogalamu, poyesa pa magalamu 10 a mnofu, ndipo manja ndi miyendo zisapitirire mawati 4. Maiko a ku Ulaya ndi maiko ena ambiri atsata malire amenewa.

Dziko la America lili ndi malire akeake, amene bungwe la Boma lotchedwa FCC linaika m'chaka cha 1996: mawati 1.6 pa kilogalamu, poyesa pa galamu imodzi ya mnofu. Dziko la India linatenga malire a 1.6 omwewa m'chaka cha 2012. Popeza ena ayesa pa galamu imodzi ndipo ena pa magalamu 10, foni imodzi ikhala ndi manambala awiri osiyana, ndipo sikoyenera kuyerekeza nambala ya ku America ndi ya ku Ulaya.

Malire amenewa ali ngati chikwangwani cha pamlatho. Chikwangwani chikati matani 5, sikuti mlatho ugwa ikadutsa galimoto ya matani 6. Amisiri anaumanga kuti unyamule katundu woposa pamenepo. Koma woyendetsa amene wapyola malirewo waphwanya lamulo ndithu.

MMENE FONI IYESEDWERA

Sikutheka kulowetsa chipangizo choyesera m'mutu mwa munthu wamoyo. Chifukwa chake akatswiri agwiritsa ntchito chidole cha pulasitiki chooneka ngati mutu wa munthu, chimene achitcha SAM. Chikopa chake n'chochindikala mamilimita 2 okha. Kukula kwake anakutenga pa miyeso ya mitu ya asilikali aamuna a ku America, nasankha mutu waukulu.

M'chidolemo athiramo madzi osakaniza ndi zinthu monga shuga ndi mchere, mosamala kwambiri, kuti madziwo amwe mafunde monga mmene mnofu wa munthu umwera. Foni imangiriridwa kukhutu kwa chidolecho, ndipo ilamulidwa kutulutsa mphamvu yake yonse. Pamenepo mkono wa makina ulowetsa kandodo koyesera m'madzimo, nukayendetsa pang'onopang'ono malo ndi malo, kufunafuna pamene mphamvu yachuluka koposa. Kompyuta ilemba zonse.

Ayesa kukhutu lamanja ndi lamanzere. Ayesa foni itagona patsaya, ayesanso itapendekeka. Ayesa mafunde onse amene foniyo itha kugwiritsa ntchito. Kenaka ayesanso pa chidole china chathyathyathya choimira thupi, monga mmene foni ikhalira m'thumba la malaya kapena la buluku. Nambala yaikulu koposa imene yapezeka pa mayeso onsewa ndiyo ilembedwa kuti ndi SAR ya foniyo.

Pali akatswiri ena amene adandaula kuti chidolechi chiimira mwamuna wamkulu, pamene mutu wa mwana ndi waung'ono ndipo fupa lake n'lopyapyala. Ena ayankha kuti chidolechi anachipanga dala kuti chipereke nambala yokwera, ndi kuti mpata waukulu umene unasiyidwa poika malire uteteza ana omwe. Pa chifukwa chimenechi maiko ena achenjeza makolo mwapadera. Ku Britain komiti yotsogozedwa ndi Sir William Stewart inalangiza m'chaka cha 2000 kuti ana asamaimbe foni popanda chifukwa chenicheni, ngakhale inanenanso kuti siinapeze umboni wakuti mafoni adwalitsa anthu.

TANTHAUZO LA NAMBALAYI

Nambala ya SAR inena za nthawi imene foni ikutulutsa mphamvu yake yonse. Masiku onse foni siigwira ntchito chotero. Munthu wolankhula ndi mnzake amene ali naye pamphasa imodzi alankhula motsitsa mawu, koma woitana mnzake wa kutsidya kwa dambo afuula. Foni ichitanso chimodzimodzi. Nsanja ikakhala pafupi, foni ichepetsa yokha mphamvu yake kuti isunge batire, ndipo itha kuichepetsa kambirimbiri. Nsanja ikakhala kutali, kapena pakati pakakhala phiri kapena makoma ochindikala, foni ikweza mphamvu.

Mfundo imeneyi ikhudza kwambiri anthu a m'midzi. Kumene timizere ta netiweki tioneka kamodzi kokha, foni igwira ntchito mwamphamvu koposa, ndipo n'chifukwa chake batire itha msanga kumalo otere. Chotero foni ya SAR yotsika imene ili kutali ndi nsanja itha kupereka mphamvu yambiri kumutu koposa foni ya SAR yokwera imene ili pafupi ndi nsanja.

Wofuna kudziwa nambala ya foni yake ayang'ane m'kabuku kamene kabwera m'bokosi la foni yatsopano, kapena patsamba la intaneti la kampani imene inaipanga. Mafoni ena aonetsa nambalayi munthu akadina *#07# monga ngati akuimba.

KODI MALAMULOWA ATSATIDWA?

Lamulo lopanda woliyang'anira silithandiza. Maiko ena atenga mafoni m'masitolo nawayesanso okha. Ku France ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la Boma lotchedwa ANFR. M'mwezi wa September 2023 bungweli linaletsa kugulitsa foni ya iPhone 12, chifukwa poiyesa monga yogwiridwa m'manja kapena yoikidwa m'thumba la buluku linapeza mawati 5.74 pa kilogalamu, pamene malire ndi 4. Kampani ya Apple inati foniyo inalibe vuto ndi kuti kusiyanako kunachokera ku njira yoyesera, komabe inakonza pulogalamu ya m'foniyo kuti mphamvu ichepe, ndipo patapita milungu ingapo chiletsocho chinachotsedwa. Akuluakulu a Boma la France ananena poyera kuti nambalayo inali idakali kutali ndi mlingo wovulaza munthu, koma lamulo linayenera kutsatidwa.

M'dziko la Malawi bungwe loyang'anira za mauthenga ndi MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1998. Bungweli ligawa mafunde kwa nyumba za wayilesi ndi makampani a mafoni, lipereka ziphaso, ndipo livomereza mitundu ya zipangizo zimene ziyenera kugwiritsidwa ntchito m'dzikomo. Ku Zambia ntchito yotere igwiridwa ndi ZICTA.

Vuto lenileni lili pa mafoni achinyengo, amene alembedwa dzina la kampani yodziwika koma anapangidwa kwina. Foni yotere siinapite pa chidole choyesera, ndipo nambala yolembedwa pabokosi lake njongokopera. Batire ndi chaja yake nazonso sizinayesedwe. Dziko la Kenya linazimitsa mafoni achinyengo pa netiweki m'chaka cha 2012, ndipo Tanzania inachita zomwezo m'chaka cha 2016.

KODI MADOKOTALA APEZANJI?

Funso lalikulu ndi lakuti: kodi mafunde ofooka, osafika potenthetsa thupi, angadwalitse munthu akawalandira zaka zambiri? Funsoli lafufuzidwa kwa zaka zoposa 30, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba ntchito yapadera pa nkhaniyi m'chaka cha 1996.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa Interphone anachitika m'maiko 13, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2010. Ofufuza anafunsa odwala zotupa za muubongo ndi anthu osadwala za mmene ankagwiritsira ntchito mafoni. Pa anthu onse pamodzi sanapeze kuti foni iwonjezera matendawa. Koma pa kagulu ka anthu amene anati ankaimba kwambiri koposa onse, panaoneka ngati zotupa zinali zochulukirapo. Ofufuzawo anachenjeza kuti izi sizinali zotsimikizika, pakuti munthu wodwala amene akufunafuna chimene chinamdwalitsa atha kukumbukira maola ambiri koposa amene anaimbadi.

M'mwezi wa May 2011 bungwe la WHO lofufuza za khansa, lotchedwa IARC, linasonkhanitsa akatswiri 31 a m'maiko 14 mumzinda wa Lyon ku France. Iwo anaika mafunde a wayilesi m'gulu lotchedwa 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Mawu akuti mwina ndi ofunika pano. Gulu 1 ndi la zinthu zimene zatsimikizika, monga fodya ndi mowa. Gulu 2B ndi la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa, wosakwanira kuvomereza koma woyenera kuufufuzabe.

Ku America, m'chaka cha 2018, ofufuza a Boma ananena za makoswe amene anawaika m'mafunde amphamvu thupi lonse, maola 9 tsiku lililonse kwa zaka 2. Makoswe ena aamuna anapezeka ndi zotupa za mumtima, koma aakazi ndi mbewa sizinaonetse zotere momveka, ndipo makoswe aamuna olandira mafundewo anakhala moyo wautali koposa anzawo. Mphamvu imene analandira inali yoposa kwambiri imene thupi lonse la munthu lilandira ku foni.

Kafukufuku wotsata anthu ambiri kwa zaka zambiri wapereka yankho lotonthoza. Ku Denmark anatsata anthu oposa 350,000, ndipo m'chaka cha 2011 ananena kuti sanapeze kuwonjezeka kwa zotupa. Ku Britain anatsata amayi oposa 770,000 kwa zaka ngati 14, ndipo m'chaka cha 2022 anapeza zomwezo. M'chaka cha 2024 gulu la akatswiri lotumidwa ndi WHO, lotsogozedwa ndi Ken Karipidis wa ku Australia, linaunika kafukufuku 63 wa pakati pa 1994 ndi 2022, ndipo silinapeze mgwirizano pakati pa mafoni ndi khansa ya muubongo, ngakhale kwa anthu amene agwiritsa ntchito foni zaka zoposa 10. Chinanso n'chakuti m'maiko osunga bwino mabuku a odwala, chiwerengero cha khansa ya muubongo sichinakwere motsatana ndi kuchuluka kwa mafoni. Kufufuza kukupitirirabe, pakuti matenda ena atenga zaka zambiri kuti aoneke.

NANGA NSANJA?

Nsanja itulutsa mphamvu yambiri koposa foni, koma ili kutali ndi munthu. Mphamvu ya mafunde ichepa msanga ndi mtunda, monga moto umene uwotcha munthu wokhala pafupi koma sumveka kwa woima patali. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu itsala gawo limodzi mwa magawo 4. Ndiponso zipangizo za pamwamba pa nsanja ziloza mafunde kutsogolo, monga nyali za galimoto, osati pansi. M'chaka cha 2006 WHO inanena kuti miyeso ya pamalo okhala anthu pafupi ndi nsanja inapezeka pakati pa 0.002 peresenti ndi 2 peresenti ya malire ololedwa. Malo oopsa ndi pamwamba penipeni, kutsogolo kwa zipangizozo, ndipo n'chifukwa chake nsanja itchingidwa ndi mpanda. Ana aletsedwe kulowa mumpandamo kapena kukwera nsanja.

Chodabwitsa n'chakuti nsanja ikamangidwa pafupi ndi mudzi, mafoni a m'mudzimo aleka kufuula, ndipo mphamvu yofika kumitu ya anthu oimba ichepa.

Mphekesera zawononga zambiri. M'chaka cha 2020 kunamveka bodza lakuti 5G ndiyo inabweretsa matenda a Covid-19. Ku Britain anthu anatentha nsanja zambiri, ndipo mu January 2021 zina zinatenthedwa ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa. Koma matendawa ayamba ndi kachilombo kopatsirana pakati pa anthu, ndipo kachilombo sikangayende pa mafunde a wayilesi. Matendawa anafala ngakhale m'maiko mmene munalibe 5G. Otentha nsanja anangodula njira imene odwala akanaitanira thandizo.

ZIMENE WOFUNA KUSAMALA ANGACHITE

Munthu amene afuna kuchepetsabe mphamvu yofika kumutu kwake angachite izi popanda kuwononga ndalama zambiri:

1. Alankhule pa sipika ya foni kapena ndi zomvera za m'makutu. Foni ikatalikira ndi masentimita 30 kapena 40, mphamvu yofika kumutu ichepa kwambiri.

2. Aimbe pamalo pamene netiweki ili bwino, monga panja kapena pafupi ndi zenera.

3. Alembe uthenga pamene nkhani ili yaifupi, ndipo asatalikitse macheza opanda pake.

4. Ana apatsidwe foni pa zinthu zofunika zokha.

5. Agule foni kwa ogulitsa odziwika, yokhala ndi bokosi ndi kabuku kake, ndipo alandire lisiti.

6. Asataye ndalama pogula timapepala tomata pafoni timene ogulitsa ati titchinga mafunde. M'chaka cha 2002 bungwe la Boma la America loteteza ogula linatengera kukhoti makampani awiri ogulitsa zinthu zotere chifukwa cha kunama. Chinthu chimene chitchingadi mafunde chingochititsa foni kukweza mphamvu kuti imvane ndi nsanja.

Munthu amene madokotala anamuika kachipangizo kothandiza kugunda kwa mtima asaike foni m'thumba la pachifuwa. Aitalikitse masentimita 15 kuchokera pa kachipangizoko.

NGOZI ZIMENE ZILI ZOTSIMIKIZIKA

Pamene anthu aopa mafunde, ngozi zina za foni zimene zapha anthu ndithu aziiwala. Yoyamba ndi ya pamsewu. WHO iti woyendetsa galimoto akulankhula pafoni ali pa chiopsezo cha ngozi chochuluka pafupifupi kanayi koposa mnzake. Anyamata a kabaza, a njinga zakapalasa ndi zamoto zomwe, aime pambali pa msewu asanayankhe.

Yachiwiri ndi ya magetsi. Chaja yachinyengo kapena ya waya wosupuka itha kugwira munthu kapena kuyatsa nyumba. Batire imene yatupa isagwiritsidwenso ntchito, isabooledwe, ndipo isaponyedwe pamoto. Foni imene ikutchajidwa isaikidwe pansi pa pilo kapena pafupi ndi udzu wa denga.

Yachitatu ndi ya mphenzi. Foni yosalumikizidwa ku waya siikoka mphenzi. Choopsa ndi kukwera chulu kapena phiri, kapena kuima pansi pa mtengo wautali, pofunafuna netiweki mvula ya mabingu ikugwa. Foni imene yalumikizidwa kumagetsi a m'nyumba isagwiridwe nthawi imeneyo.

Munthu amene mutu umupweteka masiku ambiri, kapena amene maso ake ayamba kuona mwachimbuuzi, asangoti ndi foni nakhala pakhomo. Malungo, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a maso ziyamba chotero, ndipo zichizika munthu akafika msanga kuchipatala.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kufotokozera anzawo nkhaniyi m'sukulu, m'mabwalo a mafumu ndi m'misonkhano ya alimi. Kumene kwamveka kuti kumangidwa nsanja, mfumu ndi anthu ake ali ndi ufulu wofunsa a kampani ngati ali ndi chilolezo, ndipo amene ali ndi dandaulo apite nalo ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lawo kapena ku bungwe loyang'anira za mauthenga.